Sitovu ya magetsi ikaonetsa chizindikiro cha vuto: zoyenera kufufuza musanagule bolodi latsopano

Masitovu a magetsi amene akulowa m'makhitchini athu masiku ano ndi osiyana ndi aja tinazolowera kale, a mapuleti anayi ndi zopotokola basi, amene akasiya kugwira ntchito munthu ankangodziwa kuti puleti lapsa kapena swichi yatha. Ambiri mwa atsopanowa, kaya agulidwa m'sitolo ku Lilongwe kapena abwera ndi wachibale kuchokera ku Johannesburg kudzera pachipata cha Dedza, ali ndi kagalasi koonetsa nthawi ndi kutentha, ndipo kuseri kwa kagalasiko kuli bolodi la magetsi limene limalamulira uvuni. Ndiye limafika tsiku loti sitovu yayamba kulira yokha, uvuni ukukana kutentha, pakagalasi paja paoneka chilembo F, E kapena C chotsatana ndi nambala. Mawu oyamba amene mwini sitovu amamva kwa anthu ndi akuti bolodi lapsa. Mawu amenewa ndi olemera, chifukwa bolodi lili m'gulu la zipangizo zodula kwambiri m'sitovu yonse, ndipo nthawi zambiri silipezeka pa Dedza boma kapena pa Ntcheu, limachita kuitanitsidwa kutali.

Chimene ndikufuna muchigwiritse ndi ichi: bolodi ndi mthenga chabe. Limalandira uthenga kuchokera ku mabatani, ku sensa yoyeza kutentha, ku loko wa chitseko ndi ku magetsi olowa m'nyumba, ndipo likaona kuti china mwa zimenezi sichili bwino limalemba chizindikiro pakagalasi. Chizindikirocho chimatuluka m'bolodi, inde, koma nthawi zambiri wolakwa amakhala ali kwina. N'chifukwa chake bolodi liyenera kukhala lomaliza kuliganizira, mutatha kufufuza zinthu zotsika mtengo zimene lazunguliridwa nazo.

Yambani ndi kulemba

Musanazimitse chilichonse, jambulani chizindikirocho ndi foni, chifukwa mukazimitsa chikhoza kufufutika ndipo mudzayamba kukayikira ngati munaona F3 kapena F8. Lembaninso zimene zinkachitika pa nthawiyo: kodi magetsi anali atangoyaka kumene pambuyo pozima, kodi mphika unasefukira, kodi uvuni unali utayaka kwa ola lathunthu, kapena chizindikirocho munachipeza m'mawa sitovu ili yozizira? Mayankho a mafunso amenewa amafupikitsa ntchito kuposa chida chilichonse.

Kenaka fufuzani nambala ya mtundu wa sitovu yanu. Imakhala pakapepala komatidwa kapena pakachitsulo, m'mphepete mwa khomo la uvuni mukatsegula chitseko, m'kabati ya pansi yosungiramo ziwaya, kapena kumbuyo kwa sitovu. Nambalayi ndi yofunika chifukwa makampani sanagwirizane za matanthauzo a zizindikirozi, aliyense ali ndi chinenero chake. Pa masitovu ambiri a GE, F3 amanena za sensa imene waya wake waduka, pamene F2 amatanthauza kuti uvuni watentha mopyola muyezo. Pa a Frigidaire kutentha kopyola muyezo kumalembedwa F10, ndipo vuto la sensa limalembedwa F30 kapena F31. A Samsung amalemba SE batani likakakamira, pamene a Bosch vuto lofanana ndi lomweli amalilemba E011. Mukangomva kwa mnzanu kuti kwa iye nambala yakuti inatanthauza zakuti, pomwe sitovu yake ndi ya kampani ina, mudzagula chipangizo cholakwika. Buku limene linabwera ndi sitovu lili ndi tsamba la zizindikirozi chakumapeto, ndipo ngati linatayika, mabuku ambiri otere amapezeka pa intaneti mukalemba dzina la kampani ndi nambala ya mtundu ija. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pankhani iyi woyamba kumufunsa ndi bukulo.

Zimene zimaoneka ngati vuto pomwe si vuto

Kuno kwathu, kumene magetsi amazima kawirikawiri, chinthu chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi wotchi. Mauvuni ochuluka okhala ndi wotchi ya manambala anapangidwa mwakuti magetsi akazima n'kuyakanso, wotchi imayamba kuphethira ikuonetsa 12:00 kapena 0:00, ndipo uvuni sutentha mpaka wina atatchera nthawi. Mapuleti a pamwamba amagwira ntchito bwinobwino, koma uvuni uli zii, ndiye munthu amaganiza kuti wafa. Tcherani wotchiyo kaye, ndipo onetsetsani kuti sinasiyidwe pa dongosolo lodziyatsa ndi kudzizimitsa yokha. Masitovu ena amalemba PF, kungokudziwitsani kuti magetsi anazimapo, ndipo chizindikirocho chimachoka mukadina batani loletsa.

Chachiwiri ndi loko wotetezera ana. Mukaona kachithunzi ka kiyi, kapena mawu akuti LOC kapena SAFE, ndiye kuti mabatani atsekedwa, mwina ndi mwana amene ankaseweretsa kapena ndi munthu amene ankapukuta. Pa masitovu ambiri lokoyu amatseguka mukadina batani lake osachotsa chala kwa masekondi atatu kapena anayi. Chilembo H pa sitovu ya pamwamba pagalasi nacho si vuto, chimangochenjeza kuti pamalopo pakadali potentha.

Kuzimitsa ndi kuyatsanso

Ngati chizindikirocho ndi cha vuto lenileni, zimitsani swichi yaikulu ya sitovu ya pakhoma, ija nthawi zambiri imakhala yofiira, ndipo tsitsaninso breaker ya sitovu pabokosi logawa magetsi m'nyumba. Dikirani mphindi zisanu, kapena khumi ngati uvuni unali wotentha, kuti mphamvu yotsalira m'bolodi ithe. Mukayatsanso, tcherani wotchi, ndipo muyang'anitsitse chimene chichitike, chifukwa apa ndi pamene pali yankho lalikulu.

Chizindikiro chikachoka osabweranso, ngakhale mutaphika, ndiye kuti bolodi linangosokonezeka ndi kugwedezeka kwa magetsi, ndipo palibe chogula. Chikabwerera nthawi yomweyo, sitovu ili yozizira ndipo simunadine kalikonse, ganizirani za batani lokakamira, waya woduka, sensa yakufa, kapena bolodi lenilenilo. Koma chikabwera patapita mphindi khumi kapena makumi awiri uvuni ukutentha, vuto lili pa chinthu chimene chimasintha ndi kutentha: polumikizira pokhwepa pamene pamatseguka chitsulo chikafutukuka, fani yoziziritsa bolodi imene yasiya kuzungulira, kapena elementi, chitsulo chotenthetsa uvuni chija, imene sikutenthetsa mokwanira pa nthawi imene bolodi likuyembekezera.

Pali zizindikiro zina zimene sizilola kuyesayesa. Mukamva fungo la pulasitiki yopserera, breaker ikamagwa nthawi iliyonse mukayatsa, sitovu ikamakugwirani mukakhudza chitsulo chake kapena mphika, kapena uvuni ukamapitiriza kutentha mutauzimitsa, tsitsani breaker ndipo musaikwezenso mpaka mmisiri wa magetsi atabwera. Sitovu imene ikugwira anthu yataya waya wake wa earth, wothawitsira pansi magetsi otayika, kapena magetsi akudutsa pamene sayenera kudutsa, ndipo m'khitchini momwe pansi pamakhala ponyowa, zimenezi zimapha. Phikani pambaula masiku amenewo. Ndiponso ngati sitovu ikadali pa waranti, musamasule ngakhale screw imodzi. Tengani risiti ndi chithunzi chija mupite nazo kumene munagula.

Magetsi olowa m'nyumba

Magetsi a ESCOM amayenera kufika m'nyumba ali pa mavolti 230, ndipo zipangizo zambiri zimapirira akamasintha pakati pa 207 ndi 253. Bolodi la sitovu ndi losachedwa kukhumudwa akatuluka m'malire amenewa. Amene amakhala kumapeto kwa mzere wautali wa mawaya, kapena amene amagawana thiransifoma ndi chigayo, amadziwa mmene mababu amafookera madzulo pamene nyumba iliyonse ikuphika. Ngati chizindikiro chimabwera cha m'ma 6 koloko madzulo koma m'mawa sitovu imagwira bwino, yambani mwakayikira mphamvu ya magetsi, ndipo mmisiri ayeze pa nthawi yomweyo imene vuto limachitika, osati masana pamene zonse zili bwino.

Choopsa kwambiri ndi kuduka kwa waya wa neutral, wobwezera magetsi ku thiransifoma, kunja kwa nyumba, pamtengo kapena pa thiransifoma. Zikatero nyumba zina zimalandira magetsi ofooka pamene zina zimalandira okwera kufika pafupi ndi mavolti 400. Mukaona mababu akuwala modabwitsa, ena akuphulika, ndipo anansi akudandaula za mawailesi ndi mafiriji, zimitsani swichi yaikulu ya nyumba yonse n'kudziwitsa a ESCOM. Mphezi za m'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, nazo zimawononga mabolodi kudzera m'mawaya, ngakhale zitagwera kutali ndi nyumba yanu.

Vuto lina limakhala m'nyumba momwemo. Sitovu yathunthu ya mapuleti anayi ndi uvuni imafuna mzere wakewake wochokera pabokosi logawa magetsi, wa waya wonenepa, nthawi zambiri wa masikweya mamilimita 6 (6 mm²), ndi breaker yogwirizana ndi wayayo. Soketi wamba ya m'nyumba ndi ya 13 A, imene mphamvu yake imathera pafupi ndi mawati 3,000, pomwe uvuni wokha ukhoza kudya 2,000 kapena kuposa. Ndaonapo m'nyumba za lendi sitovu yaikulu italumikizidwa pasoketi yotere ndi waya woonda, pulagi itasungunuka mbali imodzi, mwini wake akudabwa chifukwa chake kagalasi kamazima akayatsa puleti lachiwiri. Pamene bolodi likulandira magetsi operewera chotero, kulisintha sikungathandize. Kumbuyo kwa sitovu kulinso kabokosi kamene waya wochokera kukhoma amamangiriridwamo, ndipo ma screw a mmenemo akakhwepa amatentha mpaka kudetsa pulasitiki. Mmisiri ayenera kuyang'anamo, n'kuonanso ngati tizitsulo tolumikiza timene timayenera kuikidwa pa nyumba ya magetsi a feizi imodzi, ndiye kuti a waya wamoto mmodzi, tili m'malo mwake monga momwe chithunzi cha pachivundikiro chikuonetsera. Sitovu yopangidwira ku America nayo ndi nkhani ina: kumeneko masitovu amalandira mavolti 240 ndi 120 pamodzi, pa 60 Hz, pomwe kuno ndi 50 Hz, choncho yotereyi siyenera kungolumikizidwa pakhoma lathu popanda wodziwa kuiunika.

Kuyeza magetsi ali oyaka ndi ntchito ya mmisiri wovomerezeka ndi bungwe la MERA. Zimene zikutsatirazi munthu wosamala akhoza kuchita yekha, koma pokhapokha swichi ya pakhoma ndi breaker zili zozimitsa, kagalasi kazima, ndipo aliyense m'nyumba wauzidwa kuti asayatse. Musadalire kuti magetsi azima dera lonse, chifukwa amabwera osagogoda. Ngati sitovu yanu ili ndi mbali ya gasi, tsekaninso silinda.

Mabatani ndi chinyezi

Mabatani a masitovu amakono ndi kapepala kopyapyala ka pulasitiki kapena galasi longokhudza, ndipo mdani wake wamkulu ndi madzi. Madzi a nsima akasefukira, kapena nthunzi ya mphika wa nyemba ikamawomba pamalo amodzi kwa maola awiri, chinyezi chimalowa kuseri ndipo bolodi limaona ngati wina wadina batani osalisiya. Pa sitovu ya galasi, ngakhale nsalu yonyowa kapena chivundikiro choikidwa pamwamba pa mabatani chimayambitsa kulira. Pukutani ndi nsalu youma, dinani batani lililonse kuti mumve ngati likubwerera, ndipo isiyeni sitovu ili yozimitsa usiku wonse kuti iume. Musapopere mankhwala otsukira pamabatani. Nyowetsani kansalu pang'ono ndi kupukuta. Mabataniwa amalumikizana ndi bolodi kudzera pa kalamba kopyapyala ka mawaya, ndipo kalambaka kakadetsedwa ndi mafuta kapena kakasunthika, kukachotsa mosamala, kukapukuta ndi kukabwezera kumathetsa mavuto ambiri.

Sensa yoyeza kutentha

Apa ndichedwapo, chifukwa m'kuona kwanga ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Sensa ndi kachitsulo konga pensulo yoonda, kamene kamatulukira m'kati mwa uvuni, kawirikawiri pakona ya kumwamba ya khoma la kumbuyo. Ntchito yake ndi kuuza bolodi mmene uvuni watenthera, ndipo imatero posintha kuchuluka kwa ma ohm ake, amene ndi muyezo wa mmene imatchingira magetsi kudutsa. Bolodi likalandira nambala yosatheka, yaikulu kwambiri ngati waya waduka kapena yaing'ono kwambiri ngati mawaya akhudzana, limaletsa uvuni kutentha kuti nyumba isapse, n'kulemba chizindikiro.

Alamu anga amaphika masikono ogulitsa pa Dedza boma, ndipo ena amatengedwa ndi amayi opita nawo kumsika wa Lizulu. M'mwezi wa Julaye wina, m'mawa wankhungu, uvuni wawo unalira ndi kuzima mtanda uli kale m'ziwaya. Anaitana munthu wina wokonza zinthu, amene anangoyang'ana kagalasi, osamasula kalikonse, n'kunena kuti bolodi lapita ndipo apereke ndalama zoitanitsira lina. Atandiimbira anati, “Alamu, ndagwira njakata, ndalama imene akunenayo ndi mpamba wanga wonse.” Ndinawapempha kuti asapereke kaye. Madzulo ake tinazimitsa magetsi, tinakoka sitovu, n'kumasula chitsulo cha kumbuyo. Waya wa sensa unali ndi kapulagi koyera ka mano awiri, ndipo kapulagiko kanali katagona pafupi ndi thupi lotentha la uvuni, mbali imodzi katasanduka kofiirira ngati chimanga chokazinga, dzino limodzi likugwedera m'malo mwake. Sensa yeniyeniyo titaiyeza inali yabwinobwino. Tinasintha polumikizirapo, tinamangirira waya kutali ndi potentha, ndipo m'mawa mwake masikono anatuluka. Chimene chinandipweteka n'chakuti akanagula bolodi lija, chizindikiro chikanabweranso tsiku lomwelo, ndalama zitapita.

Poyeza sensa mufunika chida chotchedwa multimeter, chimene chimapezeka m'masitolo a zipangizo za magetsi. Uvuni ukhale wozizira kotheratu. Chotsani kapulagi ka sensa, ikani chidacho pa muyezo wa ma ohm wofika 2,000, n'kukhudzitsa nsonga zake ziwiri pa mano awiri a mbali ya sensa. Mtundu wina wofala umaonetsa ma ohm 1,000 pa madigiri 0, ndipo umakwera ndi pafupifupi ma ohm anayi pa digiri iliyonse, choncho m'chipinda cha madigiri 20 muyenera kuona nambala yoyandikira 1,080. Mabuku ambiri amatchula nambala imeneyi, koma kumbukirani kumene tili. M'khitchini ya ku Dedza, ku Bembeke kapena ku Tsangano m'mawa wa Juni, pamene kutentha kwatsika kufika madigiri 10, sensa yabwino imaonetsa pafupifupi 1,040, ndipo kusiyana kumeneku si chifukwa choitayira. Ifumbateni m'manja kwa mphindi imodzi, mudzaona nambala ikukwera pang'onopang'ono, ndipo chimenecho ndi chizindikiro chakuti ili moyo. Chida chikaonetsa OL kapena 1 yekha kumanzere, sensa yaduka m'kati. Chikaonetsa nambala yoyandikira 0, mawaya ake akhudzana. Pali masitovu ena amene amagwiritsa ntchito sensa ya mtundu wina, imene ikazizira imaonetsa ma ohm masauzande ambiri ndipo nambala yake imatsika ikamatentha, choncho nambala yachilendo musaiweruze musanaone zimene kampani ya sitovu yanu inalemba.

Sensa ikapezeka yabwino, musaime pomwepo. Bwezerani kapulagi, tsatirani waya mpaka pamene walowa pabolodi, mumuchotse pamenepo n'kuyezanso kuchokera kumeneko. Nambala ikasiyana ndi yoyamba ija, vuto lili m'njira: waya wapsa, wapanidwa ndi chitsulo, kapena wadyedwa ndi makoswe, amene amakonda kufunda kwa ubweya wotchinga kutentha m'miyezi yozizira. Muli kuyeza choncho, gwedezani waya pang'ono. Nambala ikamadumphadumpha, mwapeza polumikizira pokhwepa. Onaninso m'kati mwa uvuni ngati sensa sinapindike n'kukhudza khoma, zimene zimachitika chiwaya chachikulu chikakankhidwa mwamphamvu.

Elementi, fani ndi loko wa chitseko

Chizindikiro chonena kuti uvuni sukutentha chimakutumizani ku elementi. Yang'anani ngati ili ndi chotupa, mng'alu kapena malo oyera opserera, kenaka muchotse mawaya ake n'kuiyeza. Elementi ya mawati 2,000 pa mavolti 230 imaonetsa pafupifupi ma ohm 26, ndipo ya mawati 1,000 imaonetsa pafupifupi 53. Yoduka imaonetsa OL. Yezaninso pakati pa dzino la elementi ndi chitsulo chake chakunja. Apa sipayenera kudutsa kalikonse, ndipo pakadutsa ndiye chifukwa chake breaker imagwa. Elementi ya uvuni umene wakhala miyezi osayatsidwa m'nyumba yachinyezi imatha kuyamwa chinyezi n'kumagwetsa swichi yotetezera anthu ku magetsi othawira pansi, ndipo mmisiri ndiye angaone ngati ingaume kapena ndi yofunika kusintha.

Masitovu ambiri ali ndi fani yaing'ono yoziziritsa malo amene bolodi limakhala, ija mumaimva ikupitiriza kulira mutazimitsa uvuni. Ikagwidwa ndi mafuta ndi fumbi, bolodi limatentha n'kudziteteza. Izungulitseni ndi chala magetsi ali ozima. Iyenera kuyenda mopepuka. Pafupi ndi pamenepo pamakhalanso kafyuzi koteteza ku kutentha, kamene kali bwino kamaonetsa nambala yoyandikira 0. Kakapezeka koduka, kasintheni ndi kofanana nako, ndipo musalole munthu kukalumpha ndi waya, chifukwa ndi kamene kamaima pakati pa uvuni wolusa ndi denga la nyumba yanu. Zizindikiro za loko wa chitseko zimapezeka pa mauvuni odziyeretsa okha ndi kutentha kwakukulu. Dikirani uvuni uzizire bwino, ndipo musakoke chitseko mokakamiza.

Tsopano bolodi lenilenilo

Zonsezi zikapezeka zili bwino ndipo chizindikiro chikubwerabe, ndi pamene mungatembenukire ku bolodi. Musanachotse waya ndi mmodzi yemwe, jambulani zithunzi zomveka bwino kuchokera mbali zingapo, kuti mtundu ndi malo a waya aliyense zioneke. Ligwireni m'mbali mwake, osati pakati, ndipo mupite nalo powala.

Chimene ndimayamba kuyang'ana ndi mphemvu. Kuseri kwa kagalasi n'kofunda, kwamdima komanso kuli pafupi ndi chakudya, ndipo mphemvu zimamangako mudzi. Ndowe zake ndi mitembo yake zimalumikiza tinjira ta magetsi timene sitiyenera kukhudzana, makamaka kukakhala chinyezi. Bolodi lotere limatsukidwa ndi mswachi wofewa woviikidwa m'sipiriti wa isopropyl, osati madzi, ndipo liume kotheratu lisanabwezeredwe. Mukapanda kuthana ndi mphemvuzo m'khitchini monse, vuto lidzabwerera. Kenaka yang'anani malo akuda opserera, ndi timigolo ting'onoting'ono totchedwa ma capacitor, timene pamwamba pake payenera kukhala pafulati; kotupa kapena kotuluka madzi ndi kakufa. Pafupi ndi pamene magetsi amalowera pamakhala kachipangizo kozungulira ngati batani la malaya, kotchedwa varistor, kamene kamadzipereka kupsa magetsi akakwera mwadzidzidzi kuti zina zipulumuke. Tembenuzani bolodi muone kumbuyo, makamaka pansi pa timabokosi takuda totchedwa ma relay, timene ndi maswichi oyatsa ndi kuzimitsa elementi, aja mumawamva akulira kuti thi uvuni ukamagwira ntchito. Mtovu wowotcherera miyendo yake umang'ambika ndi kutentha n'kusiya kamzere kozungulira mwendo. Relay ikamatirira m'kati, elementi siizima ndipo uvuni umapyola muyezo, zimene zimabweretsa chizindikiro cha kutentha kwambiri ngakhale sensa ili bwino.

Zambiri mwa izi n'zokonzeka. Mmisiri waluso wokonza ma TV ndi mawailesi akhoza kusintha relay, capacitor kapena varistor, kapena kuwotchereranso mtovu wong'ambika, pa mtengo wochepa poyerekeza ndi bolodi latsopano, malinga aikepo chipangizo cha muyezo wofanana ndi chakalecho. Relay yochepa mphamvu ikaikidwa pamalo a yaikulu imapsa msanga ndipo ikhoza kuyambitsa moto. Chimene sichikonzeka ndi kachipangizo ka miyendo yambiri kosunga malamulo a sitovu. Kameneka kakafa, kagalasi kamaonetsa zosamveka kapena chizindikiro cha bolodi chimabwera nthawi yomweyo ngakhale zina zonse zili bwino, ndipo apa kugula n'koyenera.

Pogula, nambala ya mtundu wa sitovu yokha sikwanira. Pabolodi pamakhala kapepala ka nambala yakeyake, ndipo mabolodi awiri ofanana maonekedwe akhoza kukhala ndi malamulo osiyana m'kati. Tumizani kwa wogulitsa chithunzi cha kapepalako pamodzi ndi cha nambala ya sitovu, ndipo mugwirizane musanalipire ngati angalandirenso katunduyo akapezeka wosayenera. Bolodi lochotsedwa m'sitovu ina yakufa limatsika mtengo, koma liyesedwe pamaso panu. Ngati mtengo wa bolodi ukuyandikira theka la mtengo wa sitovu yatsopano, ndipo sitovuyo yatumikira zaka zambiri, ine ndimalangiza kuti munthu aganize kawiri. Pa masitovu amene mapuleti ake ali ndi zopotokola zawozawo, mapuletiwo amapitiriza kugwira ntchito ngakhale bolodi la uvuni litafa, choncho pali mpata wosonkhanitsa ndalama modekha, malinga mmisiri watsimikiza kuti mbali yakufayo yasiyidwa motetezeka.

Musaike bolodi latsopano musanadziwe chimene chinapha lakale. Ngati inali elementi yothawitsa magetsi, fani yoima, screw yokhwepa kapena magetsi okwera, latsopanolo lidzafa imfa yomweyo. Funsani mmisiri za chida chotetezera chimene chimadula magetsi akakwera kapena akatsika kwambiri, n'kudikira kanthawi chisanawabwezere. Chija chaching'ono cha firiji sichingasenze sitovu. Pamafunika chachikulu, monga cha 30 A, choikidwa pamzere wa sitovu mogwirizana ndi mphamvu yake. Ngakhale mulibe chidachi, zoloweretsani a m'nyumba mwanu kuzimitsa swichi ya pakhoma magetsi akangozima kapena mphezi zikayamba, ndi kudikira mphindi zingapo akabwera asanayatsenso.

Mukamaliza kukonza, yerekezani mawaya onse ndi zithunzi zija, onetsetsani kuti waya wa earth, wobiriwira ndi wachikasu uja, wamangidwa zolimba pathupi la sitovu, ndipo bwezerani zitsulo zonse musanakweze breaker. Tcherani wotchi, ikani uvuni wopanda kanthu pa madigiri 180, ndipo mukhale pomwepo kwa mphindi makumi atatu. Muyenera kumva relay ikudula uvuni ukafika pa muyezo, kenaka ikuyatsanso kutentha kukatsika pang'ono, komanso fani ikuyamba kuzungulira. Mukazimitsa, tsimikizani kuti elementi yaziziradi. Pokhapo ikanimo chiwaya chimodzi cha masikono ochepa, ndipo muone ngati apsa mofanana pansi ndi pamwamba musanakande mtanda wa malonda.